Kujambula anthu pa green screen: mtunda, magetsi ndi vuto la tsitsi

Green screen ndi nsalu yobiriwira imene mumaika kumbuyo kwa munthu pojambula, kenako n'kuifufuta pa kompyuta kuti muikepo chithunzi china. Yambani ndi mtunda. Amene mukumujambula aime mamita awiri kapena atatu kuchokera pansalu yobiriwira. Akayandikira kwambiri mthunzi wake umagwera pansalupo, ndipo girini amabwerera n'kumupaka m'makutu, m'khosi ndi m'mphepete mwa tsitsi. Ojambula amati spill, ndipo kuichotsa pa kompyuta kumadya nthawi kuposa kujambula kwenikweniko.

Nsalu ikhale ndi magetsi akeake awiri, lina kumanja lina kumanzere, pa madigiri 45, makamaka a softbox (okutidwa ndi bokosi la nsalu lofewetsa kuwala). Kuwala kwake kufanane ndi kwa pankhope kapena kutsikeko ndi stop imodzi, kutanthauza theka la kuwalako. Mukaiwalitsa mopyola, girini amatuwa ndipo spill imachuluka. Nsaluyo isiteni kaye, kenako muikoke ndi zopanira mpaka itambasuke, chifukwa khwinya lililonse limakhala mzere wakuda umene pulogalamu imalephera kuufufuta. Nsalu ya mamita 1.5 kwa 2 imakwanira mutu ndi mapewa. Thupi lonse limafuna ya mamita 3 kwa 6 kuti ifike pansi pa mapazi.

Pa kamera ikani RAW (mtundu wa fayilo yosunga zonse zimene kamera yatola), ISO (mphamvu ya kamera yomva kuwala) 100 kapena 200, f/8 pa kutseguka kwa lenzi, ndi liwiro la shata la 1/125 ngati mukugwiritsa ntchito fulashi. White balance, imene imawongola mitundu pachithunzi, muike nokha, chifukwa Auto imasokonezeka ndi girini wambiriyo n'kufiiritsa khungu.

Makasitomala muwauziretu za zovala. Chitenje cha maluwa obiriwira chidzabooka mabowo pachithunzi, ndiye pamenepo sinthani nsalu, muike ya buluu. Mandala, ndolo ndi satini zimatola girini. Chimodzimodzi nkhope yodzola mafuta ambiri, makamaka m'masaya. Kapaudala pang'ono kamathandiza.

Tsitsi ndiye mutu waukulu. Afro, wigi yopotana ndi malukidwe omasuka zimakhala ndi timipata tambirimbiri momwe girini amasuzumira. Ikani getsi lina kumbuyo kwa munthu, chakumwamba, liwalitse m'mphepete mwa tsitsi ndi mapewa, koma lisalowe mu lenzi.

Mu Photoshop sankhani girini ndi Color Range, tembenuzani ndi Inverse, kenako lowani mu Select and Mask. Pitani m'tsitsi ndi Refine Edge Brush n'kuyatsa Decontaminate Colors. Girini wotsalira mumuchepetse ndi Hue/Saturation pa Greens.

Chithunzi chakumbuyo muchisankhe musanajambule. Ngati chithunzicho ndi cha pa Cape Maclear ndipo dzuwa likuchokera kumanzere, getsi lalikulu lowalitsa nkhope likhalenso kumanzere, ndipo kamera iime pamsinkhu wofanana ndi umene chithunzicho chinajambulidwira. Apo ayi, aliyense adzaona kuti munthuyo mwangomumatapo.