Khomo lotulukira malo olerera mabizinesi

Pa phunziro lathu la chitukuko cha zachuma tinapatsidwa ntchito yolemba dongosolo lokhazikitsa malo olerera mabizinesi ongoyamba kumene. Anzanga ambiri anathamangira nyumba: zipinda zingati, madesiki angati, intaneti yothamanga bwanji. Ine mbiri ya malo oterewa inandikokera kwina.

Malo oyamba odziwika anatsegulidwa mu 1959 ku Batavia, m'chigawo cha New York. Fakitale ya Massey-Ferguson itatsekedwa, anthu ambiri anakhala pa ulova ndipo chinyumba chachikulu chinangotsala pululu. Joseph Mancuso, yemwe banja lake linagula chinyumbacho, atasowa kampani imodzi yoti ichite lendi chonsecho, anachidula zipindazipinda n'kulowetsamo timabizinesi. Sankangotolera lendi ayi. Ankawalangiza eni ake ndi kuwathandiza kupeza mpamba. Nyumbayo inalipo kale, chimene anawonjezera ndi ulangizi.

Ndiye gawo limene ndakhalitsapo m'dongosolo langa ndi la katulukidwe. Bizinesi ikalowa, idzatuluka liti? Lendi ikakhala yotsika, magetsi ndi makina n'kukhala ogawana, palibe amene angafune kuchoka, ndipo malo aja amasanduka msika wamba, atsopano akudikira panja. Y Combinator, kampani ya ku America yolera mabizinesi yomwe inayamba mu 2005, imasunga gulu la makampani ongoyamba kwa miyezi pafupifupi 3 basi, n'kutenga gawo la umwini wa kampani. Zotenga umwinizo sizingayende kwa wowotcherera zitsulo kapena telala (gawo lakelo mudzaligulitsa kwa ndani?), koma zodula tsiku lotuluka ndazitengera.

Ndalemba kuti mwezi uliwonse mlangizi azikhala pansi ndi mwini bizinesi, kope la ndalama lili potsegula. Zalowa zingati, zatuluka zingati, ndi makasitomala angati amene abweranso kachiwiri, nanga za m'thumba mwake zasiyanitsidwa ndi za bizinesi? Kope limeneli ndi limene adzapite nalo kubanki pokapempha ngongole, choncho kulemba bwino kuyambike tsiku lolowa.

Lendi nayo izikwera pang'onopang'ono mpaka ifanane ndi ya kunja, kuti potuluka munthu asakadzidzimuke. Zimenezi zikuthandizanso mbali ina yomwe aphunzitsi athu amaifunsa mobwerezabwereza, yoti thandizo la mabungwe likadzatha, malipiro a mlangizi adzachokera kuti. Lendi yokha siingakwane, ndiye ndaikamo kuti khonsolo ndi makampani akuluakulu ogula katundu kwa timabizinesiti asainirane pangano losonkha malo asanatsegulidwe.