Ramadan ndi jakisoni wa shuga: mmene ndadutsira chaka chino

Alhamdulillah, mwezi watha, ndipo ndi masiku atatu okha amene ndinamasula dzuwa lisanalowe. Koma tsiku lija la kuchipatala likundiwawabe mumtima.

Ndili ndi shuga wa mtundu wachiwiri, ndimabaya insulin yosakaniza m'mawa ndi madzulo. Kwa adokotala ndinapita kutangotsala sabata imodzi kuti mwezi uoneke. Ndinakhala pabenchi kuyambira m'mawa mpaka masana, kenako anamwino akuti adokotala sasintha mlingo popanda zotsatira za HbA1c, kuyeza kuja koonetsa mmene shuga wayendera pa miyezi itatu. Ku labu? Asiya kale kutenga magazi, mubwere mawa. Tsiku lathunthu! Mawu amenewa akanandiuza pakhomo pomwe, ndisanalipire n'komwe ndalama yoonera dokotala amene sindinamuone.

Nditawaona tsiku lachitatu, iwonso anandidzudzula: munthu wobaya insulin azibwera kutatsala masabata 6 mpaka 8 kuti Ramadan iyambe. Ndiye kuti mu Rajab, mwezi wachiwiri Ramadan isanafike, abale anga, osati anthu atayamba kale kuyang'ana kumwamba.

Anandisinthira chonchi: mlingo wam'mawa upite pa kumasula, wamadzulo upite pa dakwi, chakudya cha m'bandakucha, koma uchepe pafupifupi ndi theka. Musatengere wangawu, insulin n'zosiyana. Ena amauzidwa kuti asamange n'komwe, monga oyembekezera, odwala impso kwambiri, kapena amene shuga wawagwetsa posachedwa.

Manambala awiri ndinawamata pakhoma. Shuga akatsika pansi pa 3.9, kapena 70 pa makina ena, masulani. Akadutsa 16.7, kapena 300, masulaninso. Palibe zoti ndipirire, kwatsala pang'ono. Tsiku lina itadutsa Asr, swala ya chakumadzulo, manja anayamba kunjenjemera, thukuta lozizira kuti chuu. Kuyeza, 3.5. Kunali kutatsala ola limodzi kuti Maghrib, nthawi yomasula, ikwane, ndipo ndinamwa madzi a shuga misozi ili m'maso. Nthawi yoopsa ndi imeneyo, chakumadzulo.

Ndaiwala za amalume. Atandiona ndikudzibaya chala anati, "Mphwanga, magazi atulukawo swaumu yako yatha." Ndinakafunsa ashehe. Anati kuyeza shuga sikumasula, jakisoni wa insulin sachitanso kanthu poti si chakudya. Anandikumbutsanso Surat Al-Baqarah, ndime 184 ndi 185: wodwala amabweza masiku ena, ndipo amene sangathe n'komwe amapereka fidya, kudyetsa wosauka. Choncho yezani. Ine ndinkayeza pa dakwi, m'mawa, masana, itadutsa Asr, ndi maola awiri nditamasula. Timapepala toyezera timatha msanga, gulirani tambiri.

Dakwi muzidya mochedwa, swala ya m'bandakucha ya Fajr itayandikira, ndipo musalumphe. Pomasula, tende ziwiri ndi madzi zakwana poyambira. Sabata yoyamba ndinkadya ngati ndikubwezera, shuga n'kukwera mpaka 15 usiku. Tarawih, swala yausiku ya mu Ramadan, nayonso ndi ntchito ya thupi, rakaa zonsezo zimatsitsa shuga, ndiye ndinkapita ku mzikiti ndi maswiti m'thumba. Madzi ambiri pakati pa Maghrib ndi dakwi.

Pa Eid ndinabwerera pa mlingo wakale, monga anandiuzira. Masiku atatu aja ndibweza. Tsiku lokayezetsa HbA1c ndalemba kale pa kalendala, koyambirira kwa Rajab, ndipo ndikayambira ku labu, osati pabenchi paja.