Lachiwiri: tsiku la zithunzi zosowa

M'mawa uno tinasamutsa webusaiti ya kasitomala kuchoka pomwe timayeserera kupita pa seva yake yeniyeni. Mawu onse anafika bwinobwino, koma pamalo pa zithunzi panangotsala timabokosi topanda kanthu. Titatsegula code, tinapeza kuti amene anaimanga poyamba analemba adiresi yonse pa chithunzi chilichonse, kuyambira http://localhost mpaka dzina la fayilo. Pa kompyuta yake zinkaoneka ndithu, poti localhost ndi makina omwe munthu wakhalapowo. Koma kwa wina aliyense, adiresiyo imaloza kompyuta yakeyake, momwe mulibe chithunzi chathu.

Mnzanga anati tisinthe malinki onse aziyambira pomwe tsamba lili, monga ../zithunzi/logo.png. Ine ndinakana, ndipo tinakambirana nthawi yaitali. Linki yotere imadalira foda yomwe tsambalo lakhalamo. Mukangolisunthira mkati mwa foda ina, timadontho tiwiri tija taloza kwina. Mu CSS, code yokonza maonekedwe a tsamba, ndiye mumasokoneza ambiri, chifukwa linki yolembedwa mu url() imawerengedwa kuchokera pomwe pali fayilo ya CSS, osati pomwe pali tsamba la HTML.

Tinagwirizana zoika slash kutsogolo: /zithunzi/logo.png. Imeneyi imayambira pamutu pa domeni, dzina la webusaiti pa intaneti, kaya tsamba lili mkati motani, ndipo domeni itasintha mawa palibe chokonzanso. Iyonso ili ndi vuto lake. Webusaiti ikakhala mu foda ya pansi pa domeni, ngati mmene zimakhalira ndi mapulojekiti a pa GitHub Pages, malo oikapo mawebusaiti pa intaneti, slash ija imadumpha fodayo n'kukafuna fayilo kumtunda. Yathuyi ili pamutu penipeni, choncho njira ya slash yatiyenera.

Masana tinaona kuti adiresi yonse sitingaitayiretu. Chithunzi cha og:image, chomwe Facebook ndi WhatsApp zimaonetsa munthu akatumiza linki, chimafuna https:// ndi domeni yomwe. Chimodzimodzinso zithunzi za mu imelo yopita kwa makasitomala, poti imelo imatsegulidwa kunja kwa webusaiti ndipo ilibe poyambira kuwerenga njira.

Malinki akale oyamba ndi // okha, komanso a http://, tawasintha onse kukhala https://. Tsamba lotetezedwa, la https, likamaitana fayilo ya JavaScript kudzera pa http, browser imaitsekereza.

Chithunzi chimodzi chikukanabe. Fayilo ndi Banner.JPG pomwe code ikuti banner.jpg, ndipo seva ya Linux imaona awa ngati mayina awiri osiyana. Mawa ndiyamba ndi kusintha mayina a mafayilo onse kukhala a zilembo zing'onozing'ono.