Lachitatu: fomu yolembetsera ikukanirira Chingerezi

Tsiku lonse lathera pa fomu yolembetsera ya pulogalamu yolembedwa mu Django, chida chopangira mawebusayiti. Mawu onse ooneka pa tsamba anamasuliridwa kale mu django.po, fayilo yosunga mawu omasuliridwa, Chichewa (chidule chake ndi ny) chinawonjezeredwa pa LANGUAGES, mndandanda wa zilankhulo wa mu settings.py, mitu ya tsamba ikuoneka m'Chichewa, koma mayina a mabokosi a fomu ali m'Chingerezi basi.

Vuto tinalipeza mu forms.py, momwe mayinawo anakutidwa ndi gettext m'malo mwa gettext_lazy, malamulo awiri otenga mawu omasuliridwa. Kalasi ya fomu imawerengedwa kamodzi kokha seva ikamadzuka, nthawi imene palibe amene wasankha chilankhulo, choncho gettext imatola chilankhulo choyambirira n'kukhala nacho mpaka kalekale. Koma gettext_lazy imadikira mpaka tsamba lizitumizidwa kwa munthu. Titakonza, mizere ingapo ya mu django.po inakanabe. Pamwamba pake panali chizindikiro cha fuzzy, chimene makemessages (yosonkhanitsa mawu oti amasuliridwe) imaika ikangoyerekeza kumasulira potengera mawu ofanana, ndipo compilemessages (yosandutsa django.po kukhala django.mo, fayilo imene seva imawerenga) imadumpha mzere uliwonse wotero. Munthu amayenera kuuwerenga mzerewo, kuchotsa chizindikirocho, kuyendetsanso compilemessages, kenako kudzutsanso seva kuti itole fayilo yatsopano ya django.mo.

Masana ndiye kunali ntchito yeniyeni. Uthenga wotsimikiza kuti chinthu chachotsedwa unalumikizidwa zidutswa zitatu: nambala, dzina la chinthu, ndi mneni mmodzi wogwira pa zonse. M'Chingerezi zimatheka chifukwa mneniyo sasintha. Kwathu kuno mneni amatsata gulu la dzina: chithunzi chachotsedwa, zithunzi zachotsedwa, fayilo yachotsedwa, mafayilo achotsedwa, uthenga wachotsedwa. Womasulira ukamupatsa mneni payekha, chilichonse chimene alembe chilakwika penapake, ndipo mlandu si wake, ndi wa amene anadula chiganizo. Chinthu chilichonse tachipatsa chiganizo chake chathunthu kudzera mu ngettext, imene imasankha chiganizo cha chinthu chimodzi kapena cha zambiri, ndipo pamutu pa django.po talemba lamulo losiyanitsa chimodzi ndi zambiri: nplurals=2; plural=(n != 1). Tsopano pakutuluka "Chithunzi chimodzi chachotsedwa" ndi "Zithunzi 4 zachotsedwa". Mizere yachuluka, inde, koma ikuwerengeka ngati yalembedwa ndi munthu.

Mauthenga a zolakwika ali ndi msampha wawo. Django imabwera ndi Chiswahili koma ilibe Chichewa, ndiye uthenga wa bokosi losadzazidwa uyenera kulembedwa mu error_messages, malo olemba mauthenga a zolakwika a bokosilo. Ngakhale utero, munthu sauona, chifukwa Django imaika required (chizindikiro chakuti bokosi liyenera kudzazidwa) pa bokosilo ndipo Chrome imatsogola kutulutsa kachenjezo kake m'chilankhulo cha foni. Taika novalidate pa fomu, yoletsa kachenjezo ka Chrome, kuti "Lembani nambala yanu ya foni" ichokere ku seva.

Pa mabatani tagwirizana kulankhula mwaulemu paliponse: Lowani, Sungani, Tumizani. Fomuyi adzaidzaza ndi amayi ndi abambo, sungawauze kuti "Lowa" ngati ukuitana mwana. Ulemuwo umatalikitsa mawu, moti "Sungani zosintha" inadukira pakati pa sikirini yotambalala mapikiselo 360, popeza batani linapatsidwa width yokhazikika. Tayichotsa n'kuika min-width ndi padding kuti batani lizikula motsatira mawu.

Chatsala mawa ndi kuika lang="ny" pa tagi ya html posonyeza chilankhulo cha tsamba, komanso mawu a mu aria-label. Amenewa saoneka ndi maso, n'chifukwa chake amaiwalika, koma ndi amene pulogalamu yowerengera anthu osaona imatchula, ndipo pa fomu yathu onse akadali m'Chingerezi.