Masheleni a pepala a ku Mahikeng

Minibasi imene ndinakwera kuchokera ku Joni inatentha injini titadutsa Lichtenburg, ndipo dalaivala, amene anali atatolera kale ndalama zathu zonse, anangotiuza kuti tidikire ina. Tinakhala pansi pa mtengo dzuwa likuswa mtengo, ndipo m'pamene bambo wina wachikulire wa mtundu wa Barolong, mphunzitsi wopuma ntchito, anandigawira mkate wake n'kundifunsa chimene ndinkakafuna ku Mahikeng. Nditawauza kuti ndikukaona malo a nkhondo ya Mabunu ndi Angerezi, anatulutsa m'chikwama chithunzi cha ndalama ya masheleni khumi.

"Mwana wanga, ndalama iyi siinachokere ku London ayi," anatero. Anandifotokozera kuti Mabunu atazinga tawuniyo kuyambira Okutobala 1899 mpaka pa 17 Meyi 1900, masiku 217, anthu anayamba kubisa makobili, moti makobiliwo anayamba kusowa. Choncho mkulu wa asilikali a Angerezi, Robert Baden-Powell, analamula kuti asindikize ndalama za pepala m'tawuni momwemo: ya sheleni imodzi, ya awiri, ya atatu, ya khumi, ndi ya paundi imodzi. Chithunzi cha pa masheleni khumi chinasemedwa pamtengo wa nyundo yosewerera croquet (masewera omenya mpira ndi nyundo yamtengo), pamene paundi inapangidwa ngati mmene amatsukira zithunzi, n'chifukwa chake ndi yabuluu. Lonjezo linali lakuti mtendere ukabwera mapepalawa adzasinthidwa ku Standard Bank, koma ambiri anawasunga ngati chikumbutso.

Chimene chinkawawawa bambowa, ndipo ndikugwirizana nawo, n'chakuti alendo amagoma ndi luso la mapepalawa n'kuiwala kuti Abarolong ndi anthu ena akuda a m'tawuniyo ankapatsidwa chakudya chochepa kuposa azungu, ambiri anafa ndi njala, ndipo ena ankakhalira supu ya nyama ya akavalo. Sol Plaatje, amene anali womasulira m'khothi, analemba za masiku amenewa.

Minibasi ina inafika madzulo. Nyumba yosungiramo zakale ya ku Mahikeng ili m'holo yakale ya tawuni, ndipo ndi bwino kufikako m'mawa wa pakati pa sabata. Tengani madzi anu, chifukwa pamsewuwu sitolo zili motalikirana, ndipo musakhulupirire kondakitala akanena kuti galimoto inyamuka pompano. Nthawi zambiri mipando imakhala isanadzaze n'komwe.