Lipoti la ulendo wokaona ma drone akujambula minda ya mpunga ku Likangala

Gulu lathu linanyamuka mu mzinda wa Zomba m'mamawa kulowera kunyanja ya Chilwa, komwe anzathu ena oulutsa ma drone ankajambula minda ya mpunga m'mbali mwa mtsinje wa Likangala. Tindege timeneti si tachilendo m'dziko muno. Mu 2017 boma ndi UNICEF anatsegula malo oyeserera ma drone ku Kasungu, ndipo mu 2020 sukulu ya African Drone and Data Academy inayamba kuphunzitsa ku Lilongwe. Chatsopano n'chakuti tsopano tikufika kumunda kwa mlimi.

Ambiri tinkadikira kuona kuuluka, koma ola loyamba lonse linathera pansi. Anzathuwo anayala zizindikiro zisanu, zinayi m'makona a malowo ndi chimodzi pakati. Chilichonse ndi nsalu ya mita imodzi mbali zonse, yamabokosi akuda ndi oyera, ndipo pomwe chagona amapayeza ndi GPS yolondola kwambiri. GPS ya m'kandegemo imaphonya ndi mamita angapo, choncho popanda zizindikirozi mapu amaoneka bwino koma malire a minda amasuntha. Aliyense wa ku sikimu akudziwa mkangano umene mita imodzi ya malire imabutsa.

Njira youlukira imalembedwa pa foni kapena tabuleti kandegeko kasananyamuke. Anakaika pa mamita 100 m'mwamba, pomwe kamera ya 20 megapixel imaona kachinthu kokwana masentimita atatu. Kamayenda m'mizere ngati wopalira, ndipo chithunzi chilichonse chimabwereza magawo 80 pa 100 a chinzake cham'mbuyo ndi magawo 70 a cha mzere woyandikana. Kubwerezaku kukachepa, kompyuta imasowa polumikizira ndipo mapu amatuluka ndi mabowo. Mahekitala 20 amafuna zithunzi zoposa 200.

Zovuta zambiri zili pa batire. Limodzi limauluka mphindi 20 mpaka 30, ndipo amakatsitsa moto ukatsala magawo 25 kapena 30 pa 100, chifukwa kubwerera molimbana ndi mphepo kumadya moto wambiri. Mwera ukalimba, ndi bwino kungopakira. Batire losiyidwa m'galimoto yotentha limafufuma, ndipo lofufuma silibwezedwanso m'kandege chifukwa limatha kuyaka. Posunga batire labwino masiku ambiri amalisiya ndi moto wa theka. Kampasi, kachipangizo kouza kandegeko komwe kaloza, nayo imasokonezeka pafupi ndi malata kapena galimoto, motero ponyamukira pazikhala poyera. Akabawi akamalondola kandegeko, woulutsa amakakweza msanga m'mwamba m'malo mothawira cham'mbali.

Vuto la minda ya mpunga ndi madzi. Dzuwa likakhala paliwombo, madzi a m'minda amanyezimira, ndipo mbande zikakhala zazing'ono kompyuta imangoona kuwala kofanana paliponse. Tsiku la mitambo yofanana ndilo labwino, kapena kudikira mpunga uphimbe madzi.

Chimene chinatikopa kwambiri ndi kamera yoona kuwala komwe diso la munthu siliona, kotchedwa near-infrared. Tsamba lathanzi limabweza kuwala kumeneku kochuluka, lofooka limabweza kochepa. Kuchokera pamenepo amawerengera NDVI, nambala yosonyeza thanzi la mbewu, n'kupanga mapu a mitundu osonyeza pomwe mbewu yafooka, nthawi zina chikasu chisanaonekere bwino. Koma mapuwo sanena chifukwa chake. Malo ofiira akhoza kukhala osowa feteleza, osafikidwa ndi madzi chifukwa ngalande yatsekeka, a mchere m'nthaka kapena ogwidwa ndi matenda. Ndiye mlangizi ayenerabe kuvula nsapato n'kukalowa m'matope, kungoti tsopano akudziwa munda woyambira.

Kulumikiza zithunzi kumachitika ndi pulogalamu yaulere ya WebODM. Pa zithunzi mazana angapo pamafunika kompyuta ya RAM (malo omwe kompyuta imasungapo zimene ikugwirira ntchito) yokwana 16GB, ndipo ntchitoyo imatenga maola. Magetsi akazima pakati, imaima.

Pobwerera tinagwirizana kuti kugula kandege kathu n'kosathandiza pakadali pano, popeza pamafunikanso chilolezo cha oyang'anira zouluka mumlengalenga ndi munthu wophunzitsidwa. Tidzasonkha ndalama zolipira oulutsa kawiri pa nyengo, mpunga ukamapanga nthambi ndiponso usanatulutse ngala, ndipo achinyamata awiri aphunzire kuwerenga mapuwo.