Mafayilo okopera deta koyamba mu GoldenGate: dzina likhale la zilembo ziwiri

GoldenGate, pulogalamu ya Oracle yokopera deta kuchoka mu database ina kupita mu ina, isanayambe kutumiza zosintha za tsiku ndi tsiku, database yolandira iyenera kukhala kale ndi zonse zimene zili kugwero. Kukopa koyambaku ndi kumene amakutcha initial load. Ngati mbali zonse ziwiri ndi Oracle, expdp (chida cha Oracle chotulutsira deta) yokhala ndi FLASHBACK_SCN ndiyo yachangu, ndipo palibe chifukwa chodzivutitsira ndi njira ina. Koma mukamachoka ku Oracle kupita ku PostgreSQL kapena SQL Server, kapena mizere ikafunika kusinthidwa isanafike, Extract (mbali ya GoldenGate yotenga deta kugwero) imalemba m'mafayilo, Replicat (mbali yolowetsa detayo kolandira) n'kumawerenga. Njira ya RMTTASK yotumiza molunjika popanda fayilo ilipo, koma sinyamula matebulo a LOB kapena LONG (mitundu ya deta yaikulu), ndiye ambiri amabwerera kumafayilo komweko.

Gulu la Extract yokoperayi mumalipanga ndi ADD EXTRACT ekoyamba, SOURCEISTABLE. Dzina la gulu lisapitirire zilembo 8. Fayilo yake ya maparameter imaoneka chonchi:

EXTRACT ekoyamba
USERIDALIAS gwero
RMTHOST seva2, MGRPORT 7809
RMTFILE ./dirdat/ld, MEGABYTES 1000, PURGE
TABLE malonda.*, SQLPREDICATE 'AS OF SCN 48213077';

RMTFILE imalemba pa seva yolandira kudzera kwa Manager (pulogalamu yoyang'anira GoldenGate pa sevayo), pomwe EXTFILE imalemba pa seva yomweyo pamene Extract ili. Iliyonse mwa ziwirizi ibwere pamwamba pa mizere ya TABLE imene ikuyenera kulowamo. Mukafuna matebulo ena apite ku fayilo yawoyawo, lembani RMTFILE ina, matebulo akewo pansi pake.

Nkhani yagona pa "ld" uja. Fayilo imodzi yotere siloledwa kuposa 2 GB, choncho tebulo lalikulu liyenera kugawika m'mafayilo otsatana, ndipo MEGABYTES ndiyo imanena kukula kwa iliyonse. Mukapereka dzina la zilembo ziwiri, mafayilowo amatuluka ndi manambala kumapeto, ld000000, ld000001 n'kumapita, mofanana ndi trail wamba, mafayilo otsatana amene GoldenGate imasungamo zosintha. Zikatero simufunikanso Replicat ya SPECIALRUN, yongoyenda kamodzi n'kuima. Mumangopanga Replicat ya masiku onse: ADD REPLICAT rkoyamba, EXTTRAIL ./dirdat/ld, CHECKPOINTTABLE ggadmin.ckpt.

Phindu lake limaoneka zinthu zikavuta. SPECIALRUN sisunga pamene yafika. Ikagwa pa fayilo ya nambala 140 chifukwa tablespace yadzaza, mumafufuta zonse zimene yalowetsa n'kuyambiranso pa ziro. Replicat yokhala ndi checkpoint (chizindikiro cha pamene yafika) mumangokonza vutolo, START REPLICAT, n'kupitiriza pamene inalekezera. Extract yokha ndiyo ilibe mwayi umenewu: ya SOURCEISTABLE sisunga checkpoint, ikafera panjira imayambiranso pachiyambi. N'chifukwa chake pali PURGE, kuti zolembedwa paulendo wolepherawo zisasakanikirane ndi zatsopano. Komabe musanayambirenso, yang'anani mu dirdat ndi maso anu n'kuchotsa ma ld otsala, chifukwa Replicat ikawapeza idzawawerenga.

Pa ma version akale pamafunikanso MAXFILES, ndipo muike nambala yokwanira. Deta ya 300 GB pa MEGABYTES 1000 ndi mafayilo osachepera 300. Mukalemba MAXFILES 100, Extract idzagwa isanafike n'komwe pa theka. Manambala akumapeto aja nawonso amapusitsa anthu. Kuyambira pa 12.2 trail imakhala ndi manambala 9 pomwe kale anali 6, ndipo zimasinthidwa mu fayilo ya GLOBALS ndi TRAIL_SEQLEN_6D kapena TRAIL_SEQLEN_9D. Replicat ikamafuna ld000000000 pomwe pa disiki pali ld000000, siwerenga kanthu. Lamulo la ls, losonyeza mayina a mafayilo, limathetsa mkanganowo m'kamphindi.

Malo pa disiki musawayerekeze ndi kukula kwa tebulo kugwero. Mzere uliwonse m'fayilomo umakhala ndi mutu wake, ndipo tebulo limene linali lopanikizidwa mu Oracle limatuluka lofufuma. COMPRESS ya pa RMTHOST imachepetsa katundu wa pa netiweki basi, pa disiki ya kolandira mafayilo amakhalabe aakulu. Ndibwino kuyesa kaye ndi tebulo limodzi lapakatikati, n'kuona kuti ma GB ake abala mafayilo angati. Onaninso mzere wa PURGEOLDEXTRACTS, wofufuta mafayilo akale, mu mgr.prm (fayilo ya maparameter a Manager) ya kolandira. Ngati unalembedwa ./dirdat/* ndiye kuti ma ld anuwo ali m'manja mwa Manager, ndipo akhoza kuwasesa Replicat isanawaone.

Ngati GoldenGate ya kolandira ndi yakale kuposa ya kugwero, wonjezerani FORMAT RELEASE ndi nambala ya version yakaleyo pa RMTFILE. Apa pali msampha: mafayilo a 12.2 kupita m'tsogolo amanyamula okha kalongosoledwe ka matebulo, koma mukatsikira pa FORMAT RELEASE 12.1 zimenezo zimachoka. Replicat idzafuna SOURCEDEFS, yoloza fayilo ya kalongosoledweko yopangidwa ndi chida cha DEFGEN, kapena ASSUMETARGETDEFS ngati matebulo ali ofanana ndendende.

Nanga SCN ija ya mu SQLPREDICATE, nambala imene Oracle imalembera mphindi ya kusintha mu database? Kukopa kumatenga maola, anthu kugwero akulembabe. Ndiye Extract ina, yogwira zosintha, iyambe kaye, dikirani ma transaction amene anali otsegula pa nthawiyo atsekeke, kenako tengani nambala ndi SELECT current_scn FROM v$database. Imeneyo ndiyo mumaika mu SQLPREDICATE, kuti matebulo onse awerengedwe monga analili pa mphindi imodzi yomweyo. Kukopa kukatha, Replicat ya zosintha muiyambitse ndi START REPLICAT, dzina lake, AFTERCSN 48213077. Palibe mzere wobwerezedwa, palibe wotayika. Mtengo wake ndi undo, kumene Oracle imasunga mizere monga inalili isanasinthidwe: UNDO_RETENTION ikachepa kuposa nthawi yochokera pa SCN ija mpaka kukopa kutha, ORA-01555 imagwetsa Extract, ndipo paja siyambira pakati. Kambiranani ndi DBA (woyang'anira database) zisanayambe. HANDLECOLLISIONS, imene imachititsa Replicat kusagwa pa mizere yobwerezedwa kapena yosowa, ndi njira ya amene alibe SCN. Imafuna primary key kapena unique key pa tebulo lililonse, ndipo ikaiwalika yoyatsa imabisa zolakwika zenizeni mwakachetechete, choncho Replicat ikangopitirira nthawi imene kukopa kunathera, izimitseni ndi NOHANDLECOLLISIONS.

Kolandira matebulo akhale opanda kanthu, ma trigger ndi ma foreign key ozimitsa, ma index osafunika muwamange pambuyo. BATCHSQL mu Replicat imafulumizitsa kwambiri chifukwa zonse ndi INSERT zokhazokha. Tebulo lalikulu kwambiri lipatseni Extract yakeyake ndi zilembo zina, monga "la" kapena "lb", kuti likagwa lisagwetse anzake.

Pomaliza VIEW REPORT ekoyamba imasonyeza mizere imene yatuluka pa tebulo lililonse, STATS REPLICAT rkoyamba imasonyeza imene yalowa. Manambalawo akasiyana, tsegulani fayilo mu Logdump (chida choonera zimene zili m'mafayilowa), lembani DETAIL ON kenako COUNT, muone ngati mizere yosowayo inafika m'fayilo kapena yagwera mu discard file ya Replicat, yosunga mizere yokanidwa.